Tsiku Limene Tinakusupa pa Bwalo la ku Leeds

Tadala mwana wanga,

Watuluka pompano kukathamanga komaliza pa zitunda za Sheffield wathuyu, ndipo ine ndakhala pa tebulo la kukhitchini, tiyi wazizira kale. Masutikesi ako awiri atseka kanjira kolowera, ndachita kuwalumpha. Ndikulemba m'Chichewa dala. Ndikanalemba m'Chingerezi ukanangoponyapo maso ngati meseji ya pafoni, n'kundiyankha kuti "OK Mum." Chichewa chimakuvuta kuwerenga, ndiye upita nacho pang'onopang'ono, chala chili pa mzere, ndipo ine ndikufuna zomwezo.

Ndatopa, Tadala. Sindikunena za ku wodi ayi, kutopa kumeneko ndinakuzolowera. Ndatopa ndi miyezi itatu iyi imene takhala m'nyumba imodzi tikupatsana moni ngati anthu ongokumana pa siteji ya basi. Mawa bambo ako akakusiya ku bwalo la ndege ku Manchester. Ukupita ku America, ku koleji imene yakupatsa sikolashipu chifukwa cha miyendo yakoyo, koma chaka choyamba chonse sakulola kuthamanga pa mpikisano uliwonse. Sikolashipuyo amaipereka chaka chimodzichimodzi. Chikadzatha chakachi, akochi ako a kumeneko adzakhala pansi kuganiza ngati akupatsenso kapena ayi, asanakuonepo n'kamodzi komwe ukupikisana ndi munthu. Anakuika pa vuto limeneli ndi ine mayi ako. Pakamwa zakhala zikundikanika kunena, ndiye ndalemba.

Kuti umvetse chimene chinandigwira, uyambe wadziwa kuti mayi akowa, amene lero amakwera masitepe atagwira bondo, ankasewera ntchemberembaye, mpira wamanja uja, mu timu ya kampani ina ya ku Limbe. Pa pepala ndinali kalaliki wa ku sitolo ya kampaniyo, koma aliyense ankadziwa kuti anandilembera mpira. Pa mpirawo panalibe malipiro, ankangotipatsa ka sopo. Chimene chinkatisangalatsa chinali kumapeto kwa masewero, anthu akalowa m'bwalo kudzatisupa. Makondakitala a basi, amayi a mumsika, onse kuthamanga, wina kukuika ndalama m'malaya, wina m'manja. Mayi wina wogulitsa mandasi anandimata ndalama yapepala pachipumi, n'kukakamira pompo chifukwa cha thukuta, ndipo ndinayenda nayo choncho mpaka kovulira. Kwathu munthu akavina bwino, akaimba bwino, akachinya, sitimangomuombera m'manja n'kumapita. Timamusupa kuti adziwe kuti tamuona. Ine ndinakula ndikudziwa kuti mwana amene wapambana osasupidwa ndi wamasiye.

Ndiye tsiku lija ku Leeds, utapambana mpikisano wozungulira bwalo kawiri uja, sindinaganize kanthu. Anti ako a Nachisale anali atasonkhanitsa amayi onse a kumpingo kwawo, ena atachita kusinthana mashifiti ku nyumba zosamalira okalamba kuti adzakuone. Utangodutsa mzere, a Nachisale anayamba ndi iwo kudumpha kampanda kaja, thupi lonse lija, ine pambuyo, nthungululu zili pakamwa. Mzungu wa jekete yamvula ankaimba wezulo kuti tituluke, ife tinkaona ngati akutiimbira nyimbo. Tinakuika ndalama mu vesiti, m'masokosi, m'tsitsi. Iwe unkaseka uku ukupuma wefuwefu, ukuti, "Anti, stop, mukundichititsa manyazi!" Bambo ako anajambula zonsezo ndi kamera yobwereka. Ndalama zake, ukudziwa wekha, sizikanagula ngakhale nsapato zothamangira.

Kulakwa kwanga koyamba kunabwera pamene akochi a ku America anapempha kuti tiwatumizire chimbale cha DVD aone kathamangidwe kako. Bambo ako anakhala pa kompyuta Loweruka lonse akulumikiza zithunzi. Atafika kumapeto anati, "Amayi a Tadala, gawo lomalizali tilidule. Anthuwa akufuna aone liwiro basi." Ine ndinakana. Ndinati, "Lisiyeni. Aone kuti mwanayu sanagwe mumtengo, ali ndi anthu ake." Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu, n'kulisiya, poti umawadziwa bambo ako, sakonda kukangana pa tsiku lopuma. Sindinkadziwa kuti makoleji a kumeneko ali ndi lamulo loti mwana wosewerera sukulu asakhale kuti analandirapo ndalama chifukwa cha masewero. Sindinafunse aliyense. Akochi ako a kuno, nkhalamba ija imene yakhala ikukugwirira wotchi pa mvula kuyambira uli wamng'ono, akanandiuza mwachidule ndikanangowaonetsa chimbalecho. Safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli ndakudyetsa ndi iwe womwe. Choncho ukafika, uzifunsa. Munthu akakupatsa jekete poona kuti ukunjenjemera, yamba wapita ku ofesi ukafunse ngati n'zololedwa. Akakuitanira chakudya, akafuna kukukweza galimoto, ngakhale atakhala Mmalawi mnzathu amene wamva dzina lako n'kukondwera, umuthokoze mwaulemu, unene kuti umuyankha mawa. Uzifunsa, Tadala, ngakhale azikuona ngati wogona.

Kulakwa kwachiwiri ndi kumene kumandisowetsa mtendere, chifukwa mwina koyamba kuja kukanatha ndi chenjezo chabe. Patapita masabata angapo, kunaimba mayi wina wa ku ofesi yoona za malamulo a masewero pa kolejipo. Iwe unali kokonzekera mpikisano. Mayiyo anali ndi mawu okoma, anandifunsa za nyengo, anayamikira kathamangidwe kako, kenako anati waona anthu akukupatsa ndalama kumapeto kwa chimbale, kodi zimenezi zimachitika kawirikawiri? Ine mtima unangoti myaa, ndimvekere tsopano ndapeza mzungu wofuna kudziwa chikhalidwe chathu. Ndinamuyankha monyada kuti, "Every time! Akangopambana basi, kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri." Ndinamuuza za ku Liverpool, za ku Leeds, za kuno, ndinamufotokozera ndi za perekaniperekani wa pa ukwati zimene sanafunse n'komwe. Ndinkamva kuti akulemba, ine n'kumalankhula mofatsa kuti alembe bwino. Mwana wanga, ukakhala pamaso pa munthu wa mu ofesi, uziyankha chimene wafunsidwa n'kusiyira pomwepo. Sindikuti uziname, bodza likanatipweteka koposa apa. Ndikuti usamakometsere nkhani, ndipo munthu akayamba kulemba zimene ukunena, umufunse kuti akulemberanji. Pakamwa pako ndi panga, ndimakumva ukamacheza ndi anzako pa foni, ndiye usaganize kuti matendawa anakulambalala.

Kalata yawo itabwera, yoti ndalamazo uzipereke ku bungwe lothandiza osowa ndiponso ukhale chaka osapikisana, sunalire pamaso panga. Unapita kukagwira ntchito ya Loweruka mu shopu ija mpaka unazipereka wekha, zanga unazikana. Tsiku lina tinakumana pa masitepe, iwe ukutsika ine ndikukwera, n'kundiuza kuti, "Mum, promise me one thing. Musadzabwere kudzandiona ndikuthamanga." Ndinangopitiriza kukwera. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Koma mawu amenewo ndimapita nawo ku ntchito, ndimakwera nawo thiramu, kasitima ka m'tauni kaja, ndipo tsiku lina ndinapitirira siteji yanga chifukwa cha iwowo.

Pali china chimene chimandipsetsa mtima, ndipo ndikuuze kuti usaone ngati ndavomereza kuti lamulo lawolo ndi labwino. Bambo ako akhala akuwerenga za makoleji amenewa pa intaneti. Akuti masewero ena, makamaka mpira wawo wovala zisoti uja ndi basiketibo, amadzaza mabwalo akuluakulu, amaonetsedwa pa TV, akochi ake amalandira ndalama zosayamba. Ana amene amathyoka mafupa m'bwalomo ndiye saloledwa kulandira kanthu kupatula sukulu, chakudya ndi pogona. Tsono anyamata ena amene ankasewera kale akasuma ku khoti. Akuti makoleji anapangana okhaokha kuti pasapezeke wopatsa osewera zoposa mnzake, ndipo kupangana kotereku n'kulakwira lamulo la malonda, chifukwa mwana alibe kwina kothawira. Ine nditamva ndinati anyamatawo akunena zoona. Koma ukukumbukira zimene akochi ako a kumeneko ananena pa foni? Anati makoleji akaluza milandu ngati imeneyi, ndalama zowonjezera azikazipeza podula masewero osabweretsa phindu, ndipo kuthamanga kuli m'gulu lomwelo. Anati sukulu zina zazing'ono zikhoza kungotseka matimu ena. Kaya amanena zoona kaya amangotiopseza, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikagwada kupemphera ndimasowa kuti ndipempherere mbali iti, poti mbali yolungamayo ikapambana mwina ikudula iwe.

Zopangana okhaokhazi si zachilendo kwa ine, ndipo apa ndi pamene pali kulakwa kwanga kwakale kumene sindinakuuzepo. Nthawi imene ndinkasewera ija, mabwana a makampani onse amene anali ndi matimu ankakumana n'kugwirizana kuti ya sopo ikhale yofanana, ndiponso kuti kampani isatenge wosewera wa inzake popanda chilolezo. Ukadandaula ankati khomo ndi ilo, akudziwa kuti makomo ena onse ndi otseka. Mu timu mwathu munali mnzanga Esinati, wotchinga kumbuyo, wamtali, wosaopa munthu. Iye analemba kalata yopempha kuti wovulala m'bwalo asamachotsedwe ntchito, n'kuyenda nayo kwa tonse kuti tisayine. Ine ndinasayina madzulo tikuvala, ndinachita kukuwa kuti atimve tsopano. Nditafika kunyumba ndinaona amalume ako awiri, ali ana nthawi imeneyo, amene ndinkawaphunzitsa ndi ntchito yomweyo. M'mawa mwake ndinalawirira ku ofesi kukapempha kuti afufute dzina langa, ndinati sindinamvetse zimene ndimasayina. Sindinali ndekha, enanso anachita chimodzimodzi, aliyense mobisa. Esinati anatsala yekha pa pepala, anamuchotsa ntchito, ndipo palibe timu ina imene inamutenga. Patapita zaka ndinamupeza akugulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Anandikumbatira, anafunsa za iwe, anandisankhira kadiresi kako n'kukana kuti ndilipire. Akanandilalatira bwenzi nditaiwala kale.

Pamene ndimayamba kalatayi ndimafuna ndikuuze kuti anzako akakubweretsera pepala la zodandaula kapena la milandu, usasayine. Ndiwe mlendo, viza yako ndi ya sukulu, ndipo kwa eni kulibe mkuwe. Koma ndalemba dzina la Esinati ndipo dzanja lakana kupitiriza. Ndiye ndingokuuza chimene ndili nacho chitsimikizo. Usasayine chinthu tsiku lomwelo, pita nacho kuchipinda, uwerenge, uwaimbire bambo ako. Ukaona kuti sungathe, uwauze anzakowo pamaso, usawanamize. Koma ukasayina, usadzalawirire ku ofesi m'mawa ngati mayi ako. Manyazi amenewo sakalamba, ine ndawoloka nawo nyanja.

Bondo lija unkalisisita uli wamng'ono linathyoka patapita zaka ziwiri chichokereni Esinati. Linayamba kupweteka kale, koma tinali ndi masewero a chikho, ndipo abwana anabwera okha kudzandigwira paphewa, amvekere, "Timu yonse ikudalira iwe, mwana wanga." Ndinamanga bandeji n'kulowa. Ndinagwa chigawo chachiwiri, ndinamva ndekha kulira kwake. Mwezi usanathe anandiuza kuti ku sitolo kuja anthu achuluka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo kalata imene ikanandipulumutsa ndinali nditafufutamo dzina ndekha. Iwe chaka chino uzikhala ndi mtima wofuna kuonetsa akochi kuti sanalakwitse kukutenga. Poti mpikisano ulibe, uzifuna kudzipha pokonzekera, ndimakudziwa. Uzifika woyamba, inde, uzimvera, uzithandiza anzako kunyamula katundu pa tsiku la mpikisano ngakhale mtima ukuwawa. Koma mwendo ukayamba kulankhula, unene tsiku lomwelo, ndipo uonetsetse kuti adokotala alemba. Munthu wakutchula kuti mwana wanga pamene akufuna kuti uthamange ndi ululu, umuyang'ane kawiri. Miyendo ndi yako, Tadala, iwowo angoibwereka.

Ndipo za m'kalasi usazitenge ngati zongoperekeza. Ine ndinasiya mabuku chifukwa cha mpira, ndinadzabwereza Folomu 4 ndili ndi iwe kumsana, anzanga a m'kalasi akunditchula kuti amayi. Unamwino ndinauphunzira mochedwa, ndi bondo lotupa, ndipo ndi umene unatifikitsa kuno, osati zikho zija. Khoti likhoza kugamula uku kapena uko, timu ikhoza kutsekedwa, akochi akhoza kusintha maganizo. Ukamakhoza bwino m'kalasi, ngakhale zitavuta ku masewero, pali poyambira kukambirana, ndipo maphunziro amene wamaliza akhoza kukuthandiza kulowa kwina. Chaka chopanda mpikisanochi ndakubera ine, koma chili ndi Loweruka ambiri opanda ulendo. Ukhale nawo mu laibulale. Uzikhala kutsogolo m'kalasi, aphunzitsi akudziwe dzina, ndipo uwaphunzitse kulitchula bwino, asakusandutse china chake chifukwa cha ulesi wa lilime lawo.

Zina ndi zazing'ono. Uzidya, osamangomwa timadzi ta m'mabotolo tija. Jekete yaikulu ndaiika pansi pa sutikesi yabuluu, ndikudziwa kuti unaitulutsa, ndaibwezeramo. Khadi yoimbira foni ili m'thumba la pasipoti. Ukapeza mpingo uzipita, koma usawauze msanga kuti ndiwe wothamanga wa pa koleji, chifukwa anthu a Mulungu nawonso ali ndi manja opatsa. Bambo ako uziwaimbira Lamlungu masana akaweruka, sanena koma akhala akuyenda m'chipinda chako ngati afuna china chake.

Udziwenso kuti ndayambana ndi anti ako a Nachisale chifukwa cha iwe. Amafuna kuti Lamlungu lathali tikuchitire perekaniperekani wotsanzikana, anali atalankhula kale ndi amayi a ku Leeds ndi a ku Liverpool, holo atapeza. Ine ndinakana. Anandiimbira foni akulira, amvekere, "Achemwali, mwana wathu awoloke nyanja chimanjamanja ngati wothamangitsidwa? Ife talakwa chiyani?" Mwina zimenezo zikanaloledwa, poti si za mpikisano, koma ine ndinapsa kale, sindikufunanso kuyesa moto ndi chala. Sanalakwe kanthu amayi amenewo. Amasambitsa ndi kudyetsa makolo a eni tsiku ndi tsiku popanda wowaona, ndiye tsiku limene mwana wa Chimalawi anasiya ana a eni dziko kumbuyo, anapereka zimene anali nazo. Ukakhazikika uwalembere kakhadi. Usawasungire mkwiyo umene uli wanga.

Tsopano za lonjezo lija unapempha pa masitepe. Ndaliganizira miyezi yonseyi, ndakwiya nalo, ndalira nalo m'chimbudzi cha ku ntchito. Ndikulonjeza. Sindidzabwera kudzakuona ukuthamanga mpaka iwe mwini udzandiitane, ndipo ukapanda kundiitana sindidzakufunsa chifukwa. Ukadzandiitana, ndidzakhala pamwamba penipeni pa mipando ya oonerera, chikwama nditasiyira bambo ako.

Koma pali chimodzi chimene ndachita osakuuza, ndipo usakwiye, poti ulendo uno ndinayamba ndafunsa. Lachiwiri lapitali, pa nthawi yopuma, ndinamuimbira mayi uja wa ku ofesi ya malamulo. Ndinaima pa khonde la kuseri kwa wodi, pamene anzanga amasutira fodya. Ndinamuuza kuti ndine mayi a Tadala, uja analankhula zambiri. Ndinati ndili ndi funso limodzi lokha: kodi malamulo anu amaletsa nthungululu? Anati sakudziwa kuti n'chiyani, ndimufotokozere. Ndinayesa, Chingerezi chinandithera. Ndiye ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaika dzanja pakamwa, n'kumuimbira nthungululu pa foni pomwepo, ndili mu yunifolomu, nkhunda za pa denga zonse kuuluka. Kenako anati wayang'ana m'buku lake lonse ndipo lamulo loletsa zimenezo mulibe.

Ndiye chaka chikadzatha, akakusunga, tsiku limene udzavale vesiti yawo n'kudutsa mzere uja, kaya woyamba kaya wachisanu, udzayang'ana uku ndi uku ndipo palibe amene adzadumphe mpanda. Usadzaganize kuti ndiwe wamasiye. Udzapeze foni, udzaimbe kuno ngakhale ndili pa ntchito, ndipo usadzanene kanthu, ungoichotsa pakhutu pang'ono. Zonse zimene ndinkadziwa zokuuzira kuti ndakuona andilanda, chatsala ndi chimenecho.

Ndamva geti, wabwera. Kalatayi ndiipinda ndiilowetse mu nsapato yako yakumanzere.

Ndine mayi ako,
amene anakusupa.